Zomwe tinakaona ku Eldoret pa kalembedwe ka matenda

Tinanyamuka pabwalo la ndege la Kamuzu tili gulu losakanikirana: madokotala, anamwino, ife osunga ziwerengero za kuchipatala, ndi achinyamata okonza mapulogalamu a kompyuta. Titatera ku Nairobi tinakwera basi yodzera ku Nakuru mpaka ku Eldoret, tauni yokwera mamita oposa 2,000, kozizira ngati ku Dedza mwezi wa June. Tinasankha kumeneko chifukwa n'komwe pulogalamu ya pakompyuta ya OpenMRS inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2006 pansi pa AMPATH, mgwirizano wa za umoyo wa mayunivesite ndi chipatala chachikulu cha kumeneko, posunga mbiri ya odwala omwe ali ndi HIV.

Ambiri mwa ife tinkayembekezera kukaona makina apamwamba. Makinawo tinawaonadi, koma chomwe chinatikhazika pansi ndi mmene anzathuwo amasamalira mayina a matenda. Dokotala salemba chilichonse chomwe chamubwerera m'mutu ayi. Amasankha pamndandanda wa mawu ogwirizanidwa kale, ndipo kuseri kwa mawu alionse kuli khodi ya ICD, yomwe ndi ndondomeko ya bungwe la WHO yogawira matenda m'magulu. Malungo oyamba ndi kachilombo ka falciparum ali ndi khodi yawo, B50 mu ICD-10, mtundu wachikhumi wa ndondomekoyi. Malungo omwe sanatchulidwe mtundu amapita pa B54. Kwathu, m'kaundula momwe ndimawerengera mwezi ndi mwezi, wina amalemba "malungo", wina chidule chake chomwe amachidziwa yekha, wina kutentha thupi basi, ndipo kalaliki amangoganizira n'kulowetsa mu DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za umoyo m'dziko lonse. Kenako ziwerengero zomwezo n'zimene akuluakulu amayang'ana pogula mankhwala.

Pomwe tinakhalitsa ndi m'chipinda chosungira mafailo pachipatala china chomwe tinachezera. Mayi wina wamkulu pantchitoyi anatulutsa fomu yolembapo chomwe chapha munthu, n'kuika chala pamzere wapamwamba pomwe dokotala analemba kuti mtima unaima. Anatifunsa ngati alipo munthu anamwalirapo mtima ukugundabe. Tonse tinangoti chete. Anatisonyeza ina yolembedwa bwino: pamwamba, impso zinasiya kugwira ntchito, pansi pake, matenda a shuga omwe wodwalayo anakhala nawo zaka zambiri. Mzere wapansi umenewo ndiwo umapatsidwa khodi, chifukwa ndiwo gwero la zonse. Fomu ikabwera yosamveka, mayiwo salemba zongopeka. Amanyamula failo n'kukamufuna dokotalayo kuwodi. Zimenezi zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa makalaliki ambiri kwathu amene amaopa kubweza pepala kwa adokotala poganiza kuti n'chipongwe.

Za ICD-11, mtundu watsopano wa ndondomeko ya ICD, tinakambirananso. Mayiko anaivomereza pamsonkhano waukulu wa WHO mu 2019 ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Inapangidwa kuti izigwiritsidwa ntchito pakompyuta, moti ukalemba dzina la nthenda imakubweretsera khodi, osati kumatsegula mabuku akuluakulu aja. Achinyamata athu a kompyuta anaikonda kwambiri ndipo ankafuna tikangofika tiyambe. Ine ndinawatsutsa m'basi pobwerera, ndipo mpaka pano maganizo anga sanasinthe: khodi yatsopano singakonze zomwe zalembedwa mosasamala pa bedi la wodwala. Imfa ya mayi wa shuga ikalembedwa kuti mtima unaima, boma silidzadziwa kuti m'boma lathu shuga akutha anthu, ndipo insulini sidzafika yokwanira.

Tisanabalalike ku Lilongwe tinagwirizana zoyamba ndi zomwe tingathe popanda ndalama za wina aliyense. Pamsonkhano wam'mawa wa achipatala, kamodzi pamwezi, kalaliki azipatsidwa mpata wobweretsa mafomu osamveka, ndipo adokotala omwe tinali nawo paulendowu analonjeza kuti mafomu oyamba kuunikidwa akhale awo.