Pulogalamu Yatsopano M'masikirini a Ndege Yanga: Pamene Ntchito Yafika

Ntchito yoika pulogalamu yatsopano m'masikirini awiri a ndege yanga yatha, koma ndegeyo ikadali pansi, ndipo siinyamuka mpaka nditatsimikizira chilichonse chimene masikiriniwo akuonetsa. Ndegeyi ndi ya anthu awiri, yomanga ndekha ndi zipangizo zochita kugula, injini yake ndi Rotax 912 ULS, ndipo masikirini ake ndi a Dynon SkyView.

Ndisanakhudze batani lililonse, ndinawerenga chikalata chimene kampani imatulutsa pamodzi ndi pulogalamu, chofotokoza zimene zasintha, kuphatikizapo zosintha za m'mapulogalamu amene ndinawadumpha m'mbuyomu. Kenaka ndinakopera masetingi onse pa flashi ya USB, ndi kusunganso fayiloyo pa kompyuta. M'fayilo imeneyi muli ntchito yonse ya nthawi yomanga ndege: malire a injini, mtundu wa sensa iliyonse, ndiponso muyeso wa mafuta a m'matanki, umene umapezeka pothira mafuta pang'onopang'ono m'tanki yopanda kanthu ndi kuuza makina kuchuluka kwake pa gawo lililonse. Ndinajambulanso tsamba lililonse la masetingi ndi foni, chifukwa chithunzi chimawerengeka ngakhale fayilo itakana kutseguka.

Nkhani ya magetsi ndimaitenga mwaulemu kwambiri. Magetsi akazima pulogalamu ili mkati molowa, sikirini ingathe kukanika kuyakanso, choncho ndinalumikiza ndege ku magetsi akunja okhazikika m'malo modalira batire yokha, ndipo ndinazimitsa nyali ndi wailesi. Sikirini iliyonse imalandira pulogalamu payokha, ndipo onse awiri ayenera kukhala ndi pulogalamu yofanana kuti azimvana. Ikatha kulowa m'sikirini, pulogalamuyo imapita ku zipangizo zina zolumikizidwa nayo, monga kabokosi ka ADAHRS kamene kamayeza liwiro, kutalika kwa pamene ndege ili ndi kupendekeka kwake, kabokosi kowerenga za injini, ndi timamota ta autopilot, makina owongolera ndege okha. Pa nthawi imeneyo munthu amangoyenera kupinda manja ndi kudikira.

Gawo limene landitengera nthawi yaitali ndi loyerekeza. Ndinatsegula buku la injini pambali pa zithunzi zija ndi kuona malire amodzi ndi amodzi. Injini imeneyi imaloledwa kufika 5800 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) kwa mphindi 5 zokha ponyamuka, ndipo siyenera kupitirira 5500 rpm poyenda nthawi yaitali. Oyilo asatenthe kuposa madigiri 130 Celsius, ndipo injini ikapitirira 3500 rpm mphamvu ya oyilo izikhala pakati pa 2.0 ndi 5.0 bar. Zonsezi ndinazipeza monga ndinazisiyira, komabe sindiona kuti nthawiyo inatayika. Mzere wofiira wosonyeza malire ukakhala pamalo olakwika, sikirini imaonetsa zobiriwira pamene injini ikuvutika, ndipo woyendetsa ndege amakhulupirira mtundu umene akuona asanawerenge nambala. Ndinayesanso autopilot ndege ili chiimire, kuti ndione ndi maso kuti zowongolera za kumapiko ndi kuchipsepse zikupita mbali yoyenera, ndiponso kuti batani loizimitsira likugwira ntchito nthawi yomweyo.

Pali chinthu china chimene anzanga ena amasokoneza. Pulogalamu ya sikirini ndi yosiyana ndi nkhokwe ya mamapu ndi mabwalo a ndege. Nkhokweyo imatsatira dongosolo la AIRAC la ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, ndipo imasintha masiku 28 aliwonse, kotero munthu angathe kukhala ndi pulogalamu yatsopano koma n'kumawerenga mafirikwensi akale a wailesi. Ndaikanso nkhokwe yatsopano, ndipo ndaona tsiku limene idzathe ntchito. Momwemonso, kusiyana kwa kumpoto kwenikweni ndi kumpoto kumene kampasi imaloza kumasintha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake World Magnetic Model, ndondomeko yowerengera kusiyanaku, imakonzedwanso zaka 5 zilizonse. Yomwe ikugwira ntchito tsopano inatuluka mu Disembala 2024.

Ufulu woika ndekha pulogalamu ndili nawo chifukwa ndegeyi ndi yomanga ndekha. Pa ndege yopangidwa kufakitale, pulogalamu iyenera kukhala yovomerezeka pa mtundu wa ndegeyo, ndipo kawirikawiri ntchitoyi imasainidwa ndi katswiri wachilolezo. Ngakhale zili choncho, ndalemba m'buku la ndege tsiku, nambala ya pulogalamu yakale ndi ya yatsopano, ndi zonse zimene ndayesa.

Chatsala ndi kutulutsa ndege m'shedi, kutali ndi zitsulo, kuti ndiyerekeze kampasi ya pa sikirini ndi mbali zodziwika bwino, kenaka kuliza injini ndi kuona sensa iliyonse oyilo atatentha. Ulendo woyamba udzakhala wa masana, kunja kuli koyera, wozungulira pafupi ndi bwalo, ndipo autopilot ndidzaiyatsa pokhapokha ndege itakwera mokwanira.