Miyala ya Aefeso 2:14 pa Khondowe

Galimoto ya matola imene ndinakwera pa Chitimba inafera pa kona ya nambala 13 ya msewu wa Golodi wokwera ku mishoni ya Livingstonia, pa phiri la Khondowe, dzuwa lili paliwombo. Madzi a mu injini anali atawira, ndipo dalaivala atatsegula kutsogolo kunatuluka nthunzi ngati wavundukula mphika wa nyemba. Mnyamata womuthandiza anathamanga kukatsekera miyala kumatayala a kumbuyo, ife tikudumpha kuchoka pa matumba a usipa ndi makatoni a sopo pamene tinakhala, chifukwa aliyense amene anasuzumirapo m'mbali mwa msewu umenewu amadziwa kuti galimoto ikabwerera chafutambuyo pamenepo, nkhani yatha. Kunsi kwa phompho, kutali kwambiri, nyanja inali kung'anima.

Ndinachoka ku Lilongwe dzulo lake n'kugona ku Mzuzu, ndipo za ulendo umenewo ndilibe chonena. Amene akufuna kukwera ku Livingstonia kudzera kunyanja afike pa Chitimba m'mamawa ndipo aumange mtima, popeza galimoto siinyamuka isanadzaze. Ine ndinadikira maola atatu, ndinalipira K7,000 pa mtunda wa makilomita 15 okha, ndipo chikwama changa anafunanso kuchilipiritsa pachokha ngati kuti chili ndi mpando wake. Anyamata a njinga zamoto amakwera msanga, koma pa makona 20 amenewo ine ndinalibe chiwindi chokhala kumbuyo kwa munthu.

Tikudikira kuti mnyamata uja abwere ndi chigubu cha madzi kuchokera kumtsinje, ndinakhala pa mwala pafupi ndi agogo ena ovala jekete lakuda lotuwa m'mapewa. Anamasula kansalu kamene munali chinangwa chophika, anachinyema pakati, n'kundipatsa chidutswa chachikulucho. Ndinathokoza ndi Chitumbuka chochepa chimene ndili nacho, "Yewo chomene, asekuru," ndipo iwo anaseka n'kundiyankha m'Chichewa chosalala chimene anati anachiphunzirira m'minda ya fodya ku Kasungu.

"Mukukaona chiyani ku Khondowe, adada?" anandifunsa. Ndinati ndikufuna kuona nyumba ya Dotolo Laws, mmishoni amene anakhazikitsa mishoni pa phiripo, ndi tchalitchi. Atamva kuti ndine wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti ndinu mwana wathu. Nyumbayo mukaione, koma musakatsike musanaone miyala."

Nkhani ya miyalayo anaiyamba ndi mwezi wa Malichi 1959, iwo ali mnyamata wa pasukulu. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Kamuzu Banda anamangidwa n'kutengeredwa ku ndende ya Gweru ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), ndipo tsiku lomwelo asilikali anawombera anthu padoko la Nkhata Bay. Chigawo chonse cha kumpoto chinali pa moto pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linaganiza kuti azungu a pa mishoni, okhala okha pamwamba pa phiri, moyo wawo uli pachiswe, motero linatumiza ndege imene inazungulira Khondowe n'kuponya uthenga wakuti aike chizindikiro pansi chosonyeza ngati akufuna kudzapulumutsidwa. Amishoni ndi anzawo achikuda atakambirana anagwirizana kuti palibe amene achoke, ndipo pabwalo anayala miyala yopaka laimu yolemba dzina la kalata ya Paulo ndi manambala a ndime: Aefeso 2:14.

"Ndege imeneyo ndinaiona ndi maso angawa," anatero agogo aja, ndipo anainena ndimeyo pamtima m'Chitumbuka, chala chili m'mwamba ngati ali pa gome. Ine ndinatulutsa Buku Lopatulika m'chikwama, lomwe lija amafuna kulilipiritsa, n'kuwawerengera m'Chichewa kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anachititsa awiri kukhala mmodzi nagumula khoma limene linali pakati pawo. Mayi wina wogulitsa usipa amene amamvetsera anavomera yekha kuti "Ameni," ndipo dalaivala, yemwe anali atakwinya nkhope chifere galimoto yake, anafunsa kuti khomalo linali la chiyani.

Funso limenelo ndinatha kuliyankha, chifukwa ndinaliphunzitsapo m'kalasi ya achinyamata kumpingo kwathu. Paulo amanena za Ayuda ndi anthu a mitundu ina. M'kachisi wa ku Yerusalemu munali mpanda wa miyala wotchinga bwalo la amitundu ndi mabwalo a mkati, ndipo pa mpandawo panali malembo ochenjeza kuti mlendo wodumpha malirewo adziputira yekha imfa. Mwala umodzi wa malembo amenewa unapezeka m'chaka cha 1871. Buku la Machitidwe, mutu 21, limasimba kuti Paulo mwiniyo anagwidwa chifukwa chomuganizira kuti walowetsa m'kachisi Trofimo, munthu wa ku Efeso komweko. Choncho amene anasankha ndime imeneyi pa Khondowe sanangotsegula Baibulo mwachisawawa. Woyendetsa ndege anafunsa za chitetezo cha azungu, iwo anamuyankha za khoma limene boma lakelo linali kumanga.

Madzi anafika patapita ola limodzi ndi theka, ndipo tinakwera makona otsalawo injini ikulira ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Agogo aja anatsikira pafupi ndi mathithi a Manchewe, chinangwa chawo anakana kuti ndiwabwezere kanthu.

Stone House, nyumba ija imene Dotolo Robert Laws anamanga mu 1903, tsopano mbali yake ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo muli zipangizo za udokotala, makalata ndi zithunzi za anthu a ndevu zazitali. Mukazungulira m'zipindamo mumaona kuti mishoni imeneyi inafika pa phiri chothawa. Inayambira ku Cape Maclear mu 1875, kumene malungo anasiya manda a amishoni oposa chiwerengero cha otembenuka mtima, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws anakwera nayo kuno kumene kuli mphepo yozizira. Iye anakhala m'dziko muno zaka 52, n'kubwerera kwawo ku Scotland mu 1927. Wofuna kugona pa Khondowe atenge juzi, ngakhale kunyanja atachoka akutuluka thukuta.

Miyala ija ili pabwalo pafupi ndi nyumbayo, ndipo anadzaimanga ndi simenti kuti isabalalike. Ndivomere kuti poyamba ndinakhumudwa, chifukwa m'maganizo mwanga ndinali nditaikulitsa kwambiri, ndipo munthu wosauzidwa atha kuidutsa akuyesa ndi malire a maluwa. Malembo amenewa analembera munthu wowerenga ali mumlengalenga, motero woima pansi ayenera kuyenda chammbali kuti awalumikize chilembo ndi chilembo.

Ndikuyenda chomwecho ndinakumbukira kuti khomalo silinagwe tsiku limodzi, ngakhale pa mishoni pompano. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40 chiyambire ntchitoyo, ndipo anali atadikiritsidwa zaka zambiri maphunziro atamaliza kale. Mwasi yemweyo anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wakewake, atatopa ndi kulamulidwa ndi amishoni ngati mwana. Sukulu ya pa phiri pano ndiyo inaphunzitsa Levi Mumba, mtsogoleri wa ndale, ndi Clements Kadalie, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito ku South Africa, amene anadzasautsa maboma a atsamunda ndi mafunso amene anaphunzira kufunsa akuwerenga Baibulo. Amene amasimba mbiri ya amishoni ngati ya angelo okhaokha, kapena ngati ya akuba dziko okhaokha, ndimawaona kuti sanakhale pansi n'kuiwerenga yonse.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri ndi mawu a agogo aja akuti ndine mwana wawo. Mpingo wa CCAP unapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, ndipo ife a Nkhoma tinalowamo mu 1926. Koma ine ndakulira m'zaka za mkangano wa malire a masinodi, ndipo ku Lilongwe kumene ndimakhala si zachilendo kuona matchalitchi awiri a dzina limodzi moyandikana, ena akupemphera m'Chichewa, ena m'Chitumbuka. Ndinamvapo nthabwala zonyoza anthu a kumpoto pakhomo pa tchalitchi mapemphero atangotha, ndipo sindinganame, zina mwa izo ndinaseka nawo.

Lamulungu m'mawa ndinalowa m'tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira, chimene pa zenera lake lina anajambulapo David Livingstone ndi anthu amene ankayenda nawo. Ulaliki ndinangomva theka, koma nyimbo ina inali ya maimbidwe amene ndimawadziwa chiyambire Sande sukulu, choncho iwo akuimba m'Chitumbuka ine ndinaimba yanga m'Chichewa, ndipo bambo wa pambali panga anandiyandikizira buku lake la nyimbo kuti tigwire tonse. Ndinamwaza maso kufunafuna jekete lotuwa lija, koma sindinalione.

Potsika ndinakana matola, ndinayenda wapansi maola anayi, maondo akunjenjemera m'tinjira tachidule todula makona. Pa kona ya nambala 13 ndinapeza miyala imene mnyamata uja anatsekera kumatayala ikadali pakati pa msewu, ndipo ndinaikankhira m'mbali ndisanapitirire ku Chitimba.