Ku Nkhata Bay, kwawo kwa Orton Chirwa

Kuchoka ku Mzuzu minibasi imangotsetsereka mpaka nyanja kuonekera. Nditangotsika pa Nkhata Bay ndinalunjika kudoko, ndikudutsa amayi oyala usipa ndi batala m'mbali mwa msewu.

Padokopa ndi pomwe pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anawombera khamu la anthu. Bwanamkubwa Robert Armitage anali atalamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe, ndipo ena anawatsekera m'sitima ya Mpasa. Abale awo anakhamukira kunyanja kukafuna kuti awamasule. Lipoti la Devlin, woweruza amene boma la Britain linamutuma kudzafufuza, linati anafa ndi anthu 20, koma eni dera amati anaposa 30. Amenewa palibe amakana kuti ndi ofera dziko.

Amene anandisowetsa mtendere nditaima pachipilala cha chikumbutso ndi mwana wa konkuno ku Nkhata Bay, Orton Chirwa. Nayenso anamangidwa mu 1959, atatuluka n'kuyambitsa Malawi Congress Party, chipani chimene anadzachipereka m'manja mwa Kamuzu. Anakhala nduna ya zachilungamo, koma mkangano wa nduna wa 1964 unamuthamangitsira kunja. Mu Disembala 1981 anamugwira pamodzi ndi mkazi wake Vera, ndipo mu 1983 khoti la mafumu linawagamula kuti anyongedwe. Sanawanyonge. Anangowasiya m'ndende, aliyense kwayekha, mpaka Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992.

Bambo wina amene tinadyera limodzi kondowole anandiuza kuti wofera dziko ndi amene wagwa ndi chipolopolo, wandende ndi wandende basi. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Munthu kumutsekera zaka pafupifupi 11, maunyolo kumiyendo, kudwala osasamalidwa, n'kumupha ndithu, kungoti pang'onopang'ono. Orton anafera zomwe anafera anthu a padoko, kukana kuti munthu mmodzi akhale mwini dziko. Kusiyana kwake n'koti amene anamutsekera anali akwathu omwe, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake ena pakamwa pamawalemera.

Nanga otuluka amoyo? Machipisa Munthali, amene anamangidwa pa nkhani zandale, anakhala m'ndende zaka 27. Vera anatuluka mu Januwale 1993, atamukaniza kukaika maliro a mwamuna wake. Sindingawatche ofera dziko chifukwa sanafere m'ndendemo, koma zimandipweteka kuti pa 3 Malichi timayala nkhata zamaluwa, maina awo osamveka n'komwe.