Lachiwiri: kuyesa malongosoledwe a zida za ejenti

Ntchito ya lero inali kuunika malongosoledwe a zida zomwe ejenti ya AI (pulogalamu yomwe imasankha yokha zochita) imagwiritsa ntchito pothandiza makasitomala ogula zinthu pa intaneti: kufufuza oda, kuona pomwe katundu wafika, kubweza ndalama. Zidazi zili pa seva ya MCP (Model Context Protocol), ndondomeko yolumikizira AI ndi zida yomwe kampani ya Anthropic idatulutsa mu Novembala 2024. Pa chida chilichonse ejenti imaona zinthu zitatu zokha: dzina, malongosoledwe, ndi inputSchema (mndandanda wa zomwe chidacho chimafuna kupatsidwa) yolembedwa m'kalembedwe kotchedwa JSON Schema. Khodi ya m'kati siiona, ndipo ilibe mnzake woti imufunse. Chomwe sichidalembedwe pamenepo imangochilota, ndipo mavuto ambiri amayambira pakulotako.

N'chifukwa chake m'mawa sitinayambe ndi kuwerenga malongosoledwewo. Amene adalemba khodi akawawerenga amaona ngati zonse zili bwino, chifukwa mutu wake umadzaza wokha mipata yonse. Tinayamba ndi kulemba zopempha zonga za kasitomala weniweni, ndipo pa chilichonse tinalemberatu chida choyenera ndi zotsatira zake. Kenako tinaisiya ejenti igwire, ife n'kumawerenga mndandanda wonse wa zomwe yaitana. Chopempha chimodzi chiyenera kuyendetsedwa kangapo, popeza ejenti siyankha mofanana nthawi zonse. Kukhoza kamodzi sikutsimikiza kanthu.

Vuto loyamba linali la zida ziwiri, search_orders ndi get_order. Malongosoledwe a chimodzi ankangoti chimafufuza oda, a chinacho ankati chimatenga oda. Kasitomala akapereka nambala ya oda, ejenti inkapita ku search_orders, n'kulandira mndandanda wautali, n'kuyamba kusanthula wokha. Tinalemba mwachindunji kuti get_order ndi cha pamene nambala ikudziwika, search_orders ndi cha pamene pali dzina kapena tsiku lokha. Kunena nthawi yosagwiritsa ntchito chida kumathandiza kwambiri kuposa kubwereza zomwe dzina lake lanena kale.

Pa ma parameter, malo omwe ejenti imadzaza poitana chida, ndiye tinakhalitsapo. Malo a tsiku anangolembedwa kuti ndi string, kutanthauza zolembedwa zilizonse. Ejenti inatumiza 03/04/2025, yomwe ku America ndi 4 Malichi pamene ku Britain ndi 3 Epulo, ndipo seva inalandira osadandaula. Cholakwa chotere n'choopsa kuposa chomwe chimaimitsa ntchito, chifukwa yankho limabwera looneka labwino koma lili la mwezi wina. Tinalemba kuti tsiku likhale la ISO 8601 (chaka-mwezi-tsiku), tinaika chitsanzo cha 2025-04-03, ndipo tinatchula kuti nthawi ndi ya UTC, muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi. Pa ndalama zobweza panalinso chimodzimodzi: seva imawerenga masenti, choncho 15 si madola 15 koma masenti 15, ndipo zoyenera kutumiza ndi 1500. Malo a status (momwe oda ilili) tinawasandutsa enum, mndandanda wa mawu ololedwa okha, kuti ejenti isapeke mawu ake, ndipo malo ofunikira onse tinawaika pa required kuti asasiyidwe.

Masana tinaona mauthenga a zolakwa, omwe ambiri sawawerengera ngati mbali ya malongosoledwe, chonsecho ndi pomwe ejenti imaphunzirira ikapunthwa. Seva inkangobweza 400, nambala yotanthauza kuti zomwe zatumizidwa n'zolakwika. Ejenti inkatumizanso zomwezo mobwerezabwereza mpaka kusiya, n'kuuza kasitomala kuti makina avuta. Tsopano uthenga umatchula malo olakwika, zomwe zalandiridwa, ndi maonekedwe oyenera, ndipo umabwera ndi isError, chizindikiro choti pachitika cholakwa, kuti ejenti iuwerenge ndi kudzikonza. Pa 429, nambala yotanthauza kuti yaitana mochulukitsa, tinawonjezera masekondi oti idikire.

Kukula kwa yankho nako n'kofunika. Kufufuza kunkabweza maoda onse ndi zonse za m'kati mwake, matokeni (tizidutswa ta mawu tomwe ejenti imawerenga, tomwe tili ndi malire) n'kumathera pa zinthu zosafunika. Tinaika malire a maoda 20 ndi cursor yotengera otsatira, ndipo tinazilemba m'malongosoledwe, apo ayi ejenti imaganiza kuti 20 amenewo ndi onse.

Chida chobwezera ndalama chili ndi destructiveHint, chenjezo loti chidacho chingawononge zinthu, koma ichi n'chizindikiro chabe, sichiletsa kanthu. Tinalemba momveka kuti ndalama zikabwezedwa sizingatengedwenso, ndiponso kuti kuitana kawiri kumabweza kawiri. Chitetezo chenicheni chiyenera kukhala pa seva, mawu asakhale okha.

Madzulo tinayendetsanso zopempha zija, pamodzi ndi zina zomwe tinazisunga padera osaziyang'ana pokonza, kuti tione ngati takonza chida kapena tangochikonzera mayeso. Tinasintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti chothandiza chidziwike. Chatsala ndi kasitomala amene akupempha kubwezeredwa gawo la oda: ejenti ikuitanabe chida chobweza oda yonse, chifukwa palibe pomwe palembedwa kuti amount (kuchuluka kwa ndalama) ikasiyidwa, seva imabweza ndalama zonse.