Zatheka abale, koma ndiyambe ndi Madam

Zatheka abale anga. Lachinayi masana ma examiner ananditulutsa panja kuti akambirane okhaokha, atandiitananso wapampando anangoti ndakhoza viva, mayeso a pakamwa oteteza thesis, buku la kafukufuku wanga wa PhD, zatsala ndi tokonza pang'ono basi. Mpaka lero thupi silinabwerere m'malo mwake, ndikungogona ngati munthu amene wangochira malungo, foni yadzaza mauthenga ndipo sinditha kuyankha aliyense payekha, ndiye ndangoti ndilembe pano kamodzi nonse muone.

Ulemerero upite kwa Mulungu kaye. Ambuye munandiona usiku uja ndinkalira mu bafa kuti ana asamve, zikomo.

Ndiye Madam. Dzina sinditchula chifukwa ndikudziwa andikalipira, koma amene mumabwera kunyumba mukuwadziwa. Pa PhD amakupatsa masupavaiza awiri, wamkulu ndi wothandizira. Wamkulu wanga, a Prof, ndi amene anandilandira ndi ka concept kanga ka masamba ochepa ndi kundiuza kuti mutuwu ulipo, ndipo ndimawathokoza kwambiri, koma atapeza ntchito kunja tinkangokumana pa Zoom, iwo ali m'mawa ine ndili madzulo, intaneti ikudukaduka. Madam papepala anali wachiwiri chabe. Koma chaputala chilichonse chimene ndinalemba anachiwerenga pa pepala losindikiza, ndi cholembera chofiira, ndipo ndikamatenga ndinkapeza m'mbali mwa tsamba alemba mawu amodzi okha, "Ndiye?" Ndalemba ndime yonse yokoma, mabuku ndatchula, iwo "Ndiye?" Tsamba lotsatira "Ndiye?" Ndinkafika kunyumba mtima ukuwawa kuti mayiwa akundida kapena chani. Pa viva external examiner, woyesa wochokera kunja kwa yunivesite yathu, atandifunsa kuti chatsopano chimene ntchito yanga yabweretsa ndi chiyani, chimene dziko silinkadziwa ndisanayambe, yankho linatuluka lokha chifukwa funso limenelo ndakhala ndikuliyankha zaka zonsezi patebulo la kukhitchini kwa Madam. Digiri imeneyi amakupatsira chimenecho basi, osati kukula kwa buku.

Ena mumaganiza kuti ndinkangopita mkalasi n'kumalemba mayeso ngati ku sekondale. Ayi. Ndinalembetsa 2019, nthawi imeneyo College of Medicine ili pansi pa UNIMA, pofika 2021 tinali a KUHeS, Kamuzu University of Health Sciences. Chaka choyamba chonse chinathera pa pulopozo, dongosolo la kafukufuku amene ukufuna kuchita, kulemba, kufufuta, kukaimirira kutsogolo kwa dipatimenti kuti aikhadzule. Ukadutsa pamenepo sungafunse munthu ngakhale funso limodzi usanalandire chilolezo cha COMREC, komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza kapena kunamiza anthu, ndipo amaona chilichonse, mafunso ako a Chichewa, fomu yoti munthu asaine kapena adinde chala, kumene ukasunge mawu ojambulidwa. Kenako kalata ya ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako kukaonekera kwa mafumu. Zonse zitangotheka korona uja anafika, 2020, kukhala pansi ndi gulu la amayi m'chipinda chimodzi kunali kosatheka. Ndinkafuna kusiya nthawi imeneyo. Madam anangoti lemba chaputala chachiwiri, mabuku alibe korona. Ndinaseka ndikulira.

Kafukufuku wanga anali wa amayi a geni amene ali ndi BP, chifukwa chake amasiya kumwa mankhwala. Ndirande, Limbe, Bangwe, Chilobwe. Amayi amenewa ndiwathokoze mwapadera ngakhale ambiri sadzaona positi ino. Munthu wasiya tomato wake ndi mnzake wa benchi yoyandikana, wakhala nane pa chigubu kuseri kwa msika, akundiuza kuti tsiku lokatenga mankhwala ndi tsiku lopanda malonda, ana adya chiyani madzulo, ndipo mutu ukasiya kupweteka amaona ngati matenda atha. Wina anatulutsa buku lake la kuchipatala mu jumbo, lonyowa m'mphepete, nandionetsa tsiku limene anauzidwa kuti abwerenso, miyezi inali itadutsa kale. Zimene zili mu thesis ija ndi mawu awo, ine ndinangowasanja.

Namondwe Freddy atabwera mu March 2023 madzi ndi matope zitatsika ku Soche, amayi ena a gulu langa la ku Chilobwe nyumba zinapita, ena sitinawapezenso mpaka lero. Ine mutu unali pa data, ndikuti nanga gulu langa latha, nditani. Madam anandiyimbira nati siya rekoda kunyumba, tenga zovala ndi ufa, tipite ngati anthu. Anabwera ndi galimoto yawo. Pambuyo pake ndi iwo amene anakhala nane kulemba amendment yopita ku komiti, chifukwa ngakhale kusintha malo ochitira kafukufuku sungangosintha wekha, uyenera kupempha kaye. Zinthu zotere palibe amene amakuuza ukamalembetsa.

Za mapepala ndiye musanene. Usanapereke thesis umayenera kukhala utatulutsa mapepala mu ma journal, kumene anthu osakudziwa amawerenga ntchito yako n'kuweruza. Pepala langa loyamba linabwezedwa, reviewer wina analemba zinthu zoti ndinatseka laputopu sabata yonse osaitsegula. Madam anasindikiza makomenti onsewo, tinakhala pansi, iyi akunena zoona konza, iyi sanamve bwino mufotokozere mwaulemu, iyi tikana ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mzere ndi mzere mpaka usiku, magetsi atazima, tikugwiritsa ntchito ka inveta kawo, mwana wawo akutibweretsera tiyi ndi mbatata. Pepala lina litalandiridwa journal inkafuna ndalama yake mu madola, ndipo inali nthawi imene kwacha inangogwa ndi 44 peresenti, November 2023, ndalama ya kafukufuku imene ndinali nayo inasungunuka ndikuona. Ndi Madam amene anandiuza kuti lemba kalata upemphe akuchotsere, anthu ochokera kuno amapempha, si manyazi. Anatichotsera.

Bambo a kunyumba, zikomo. Mwaphika, mwachapa mayunifolomu, mwapita ku misonkhano ya makolo kusukulu nokha anthu akukufunsani kuti mayi ali kuti. Achemwali anga a ku Chilomoni amene munkatenga ana Loweruka lililonse kuti ndilembe, ndilibe chobweza. Amayi kumudzi amene simunamvetse kuti sukulu yanji yosatha koma munkasala kudya chifukwa cha ine, Mulungu akusungeni ndikuvekeni chipewa chija. Atsikana anga awiri amene munandithandiza kufunsa mafunso ndi kulemba mawu onse a mu rekoda, liwu ndi liwu, Chichewa kenako Chingerezi, phokoso la msika lili m'makutu, ntchito imeneyo ndi yowawa ndipo malipiro anali ochepa, ndikudziwa. Achimwene a pa shopu yosindikiza ku Ginnery Corner amene munkandikongoza, ndibwera.

Ndiye pali ena. Amene munkandifunsa pa maliro, pa ukwati, pa tchalitchi pomwe kuti kodi mukadaphunzirabe, mumaliza liti, mayi wa ana sukulu ya chiyani. Amene ndinakuimbirani nthawi ya fizi foni n'kumangolira. Mauthenga anu a Lachinayi ndawaona, mpaka ena mwalemba kuti timadziwa kuti uzakhoza. Chabwino, ndalandira, Mulungu akudalitseni nanunso.

Ndibwererenso kwa Madam chifukwa sindinamalize. Thesis itapita kwa ma examiner, wina wa konkuno wina wakunja amene sindinamuonepo, kudikira kwake kumadwalitsa. Tsiku litadziwika Madam anaitana anzawo awiri kuti andiyese ngati viva yeniyeni, anandipanikiza mpaka ndinatuluka thukuta, wina anandifunsa chifukwa chake ndinasankha kucheza ndi anthu m'malo mowerenga manambala ndipo ndinachita chibwibwi. Madam sanandipepese, anangoti bwerera ukawerenge chaputala chachitatu, Lachisanu tibwereza. Pa tsiku lenileni supavaiza saloledwa kukuyankhira, amangokhala kumbuyo chete. Ndinkati ndikacheuka pang'ono ndikuwaona akulemba mu kabuku kawo, nkhope osasintha, osandigwedezera ngakhale mutu. Titatuluka ndi pamene ndinaona kuti m'kabukumo analemba funso lililonse limene ndinafunsidwa ndi zonse zimene ma examiner anati ndikonze, kuti ndisaiwale kanthu. Anandikumbatira pa khonde, koyamba chiyambire, kenako nati usasangalale kwambiri, tebulo la pa chaputala 5 lija ndinakuuza kale kuti ndi losokonekera.

Madam, ndikudziwa simuli pa Facebook koma mwana wanu akuwerengerani. Munali ndi ophunzira ena, makalasi, banja lanu, matenda a bambo aja, koma simunandibwezepo pa geti. Mulungu amene amaona zam'seri akubwezereni, akupatseni moyo wautali, ana anu akapeze anthu owagwira dzanja kumene akupita.

Amene mukufunsa za phwando dikirani kaye. Ndiyenera kumaliza zokonzazo, internal examiner aone kuti ndakonzadi, a Prof ndi Madam asaine, ndiye dzina lipite ku Senate, bungwe la yunivesite lovomereza madigiri, graduation ibwera pambuyo pake ndipo tsiku ndidzakuuzani pompano. Panopa amene ali ndi ngongole nane ya nkhuku abweretse, yophika kale, chifukwa Lolemba ndikubwerera pa laputopu kukalimbana ndi tebulo lija.