Kuopa Mulungu kwa Lolemba

Abale anga, lero ndilankhulako zowawa pang'ono. Mu Blantyre muno matchalitchi sasowa, kuyambira St Michael and All Angels ija inamalizidwa kumangidwa mu 1891 mpaka timatenti ta ku Ndirande ndi ku Bangwe. Lamulungu tonse ndife oyera, Baibulo m'khwapa. Koma Lolemba mumsika, yemwe uja dzulo amalira popemphera ndi amene akubisa tomato woola kunsi kwa mulu.

Pa 1 Timoteo 6:6 Paulo akuti kupembedza kumapindulitsa kwambiri ngati munthu akukhutira ndi zomwe ali nazo. Vesi 5 ikudzudzula anthu amene amayesa kupembedza ngati bizinesi. Nanga ife bwanji tikuthamangira madzi odzozedwa kuti tilemere mwezi uno? Ndalama nanenso ndimazifuna, ufa wakwera, sindikukana.

Ine amene ndimawavulira chipewa ndi amayi a Mvano. Amakazonda odwala ku Gulupu pa thiransipoti ya m'thumba mwawo, pamaliro amachezera kuimba, m'mawa n'kumaphika nsima. Pa Facebook simudzawaona. Ena mwa iwo ndi amasiye, kunyumba akulera zidzukulu.