Amalume akuti filosofi sadya

Mchemwali wanga wamng'ono ali ku Chanco, ku Zomba kuja, ndiye pa holide pano tili mu shedi kusankha fodya kuno ku Kasungu anangotchula kuti akufuna kumeja filosofi. Amalume kuseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ukamaliza uzidzadya maganizo?"

Ine zinandikhudza ndithu chifukwa nane kosi imeneyi ndinaigwirako, ndipo chimene anthu sadziwa ndi choti dipatimenti ya filosofi pa Chanco inatulutsapo anthu okumba zakale mozama zedi. Tengani malemu Didier Kaphagawani. Bambo ameneyu anafufuza za Leibniz, mJeremani amene anabadwa mu 1646, pa funso loti ngati Mulungu amadziwiratu zonse ndiye munthu ali ndi ufulu wosankha kapena zonse zinakonzedwa kale, nkhani yomweyi anaiunikanso kwa Aquinas ndi Molina, akatswiri akalekale a maphunziro a zaumulungu, koma munthu yemweyonso anatembenuka n'kulemba za mmene ife Achewa timaonera munthu, mpaka kugwiritsa ntchito mwambi uja woti kali kokha n'kanyama. Kwa ine mphamvu yake ndi imeneyo basi, kuwerenga azungu akalekale osawaopa, kenako kufunsa agogo athu mafunso omwewo molimba chimodzimodzi.

Komanso ife a kuno tisamachite ngati zachilendo, pa Mtunthama pompa Kamuzu Academy yakhala ikuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki chitsegulireni mu 1981.

Ndiye ndinayamba kuwafotokozera amalume za Socrates, mkulu wa ku Athens amene ankangozungulira mumsika kufunsa anthu kuti chilungamo n'chiyani, mpaka anamuweruza kuti akusokoneza achinyamata, namwa poizoni mu 399 BC. Apa mpamene amalume anasiya tsamba linali m'manja. "Ndiye kuti anamumwetsa mwabvi?" Ndinati ayi amalume, mwabvi unali wofufuzira mlandu, uyu mlandu unali utagamulidwa kale. Sanagwirizane nazo. Akuti ngakhale mwabvi nthawi zina wosungunulayo amakhala atadziwa kale amene akufuna kuti agwe, ndiye kusiyana kwake kuli pati?

Mchemwali wanga analemba zimenezo mu foni, akuti zilowa mu asainimenti. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, fodya osasankhika, ndipo amalume, omwe aja amati maganizo sadya, ndi amene anakana kuti tiisiye nkhaniyo mayi ataitana kuti nsima ikuzizira.